Saka ya Unga Yamene Inakaniwa ku Kanyama

Iyayi Taonga, sininaphunzile ku sukulu. Sukulu yanga inasilila mu giledi folo, pamene batate banakamba ati mwana mukazi akaziba kulemba zina yake, yakwana. Va kompyuta vamene umaona nichita ivi ninaviphunzilila mu nyumba ya bene, ku mayadi, manja yali kununkha sopo. Dalitso, ika foni pansi. Mulongosi wako wafunsa, naiwe umvele, chifukwa nkhani iyi si yanga nekha, ni ya bamai banu. Sembe vinayenda mwina, imwe sembe muli ku Katete manje mupilikitsa mbuzi. Kapena sembe simunabadwe na kubadwa komwe. Useka? Seka, uzaleka.

Niyambile pati... Ambuya banu bamuna, Ba Tembo, banali makanika ku kampani ya mabasi ya boma. Imwe mabasi yaja simunayaone. Yanali yatali, kondakitala ali na yunifomu na kachola ka matiketi, osati ba ngwangwazi ba masiku yano bamene bakudonsa pa kwanja monga mbuzi ya pa msika. Ndiye inafika nthawi yamene boma inayamba kugulitsa vonse. Lelo wamva kampani iyi yagulitsiwa, mailo iyo yatsekewa. Mu mashopu munazula vinthu vamene kale tinali kuimilila pa mulongo kuchokela kuseni, buledi, shuga, sopo, mpaka na maapozi ya ku Joni, koma ndalama yogulila ndiye inathaba. Ine ninali kusoka madilesi pa mashini ya mwendo. Salaula inabwela, dilesi ya muzungu yosoka kale inachipa kupambana nsalu. Ndani angabwele kwa ine? Mashini ninaigulitsa. Ba Tembo kampani yao inatsekewa, banankhala pa nyumba, banadwala, banatisiya. Ivo sinizakamba vambili.

Malilo yatasila, ba banja ya bamuna banga banankhala pansi. Wamene anali kukamba ni Ba Yona, bakulu bake ba Ba Tembo, bochokela kumunzi. Ati banyamata babili ni bang'ono, bankhale na mai wao. Koma Tisa, bamai banu, ayende nao ku Katete akathandize bakazi bao, ati sukulu iliko na kumunzi.

Ine ninali kuziba vamene vichitika kuli mwana mukazi wamene wayenda "kukathandiza". Atapa manzi, alela bana ba bene, sukulu ayenda pamene kulibe vochita, ndiye mabele yakangomela, kwabwela munthu na nkhuku. Tisa anali mwana wokonda mabuku, anali kubelenga na mapepa yomangila tomato. Ninagwada. Ninati, "Balamu, nili pa nchito, nizamusunga."

Ba Yona si munthu woipa, mumvetse. Banali kuona chabe kuti mukazi mumozi na bana batatu mu tauni ni njala. Banati, "Chabwino mulamu. Koma siku yamene nizamva kuti nchito yasila, nibwela kumutenga. Mwana wa mufana wanga sazagulitsa thupi mu Lusaka."

Mau yaja ninali kugona nayo, kuuka nayo.

Nchito yamene ninali kukamba inali ya mu nyumba, ku Kabulonga. Kuseni tinali kuchoka muno mu Mtendere gulu ya bazimai, vitenge mu chiuno, nsapato ku manja kuti zisasile, kuyenda kukasesa nyumba za bene. Ine ninali kwa Ba Madamu Lorna. Bana ba mu njila banali kubakuwila ati "Chaina! Chaina!" beve ati, "Iyayi, Filipini!" Ni dziko ya visumbu, kutali maningi, pakati pa nyanja. Banali bafupi monga ine so, bosebenza ku kiliniki ya pulaiveti, mu chipinda chopimila magazi. Mupunga kuseni, mupunga muzuba, mupunga mumazulo, na kansomba kouma monga kapenta yathu. Siku yoyamba ninabaphikila nsima banailuma na supuni, ninachita kuthabila ku khichini kukaseka. Koma banali munthu. Bana bao babili banabasiya kwao na ambuya bao, kubwela kuno kusakila ndalama ya sukulu. So tinali kumvelana, olo Chizungu changa chinali cha giledi folo na Chinyanja chao cha pa msika.

Pa kona ya sitingi panali kompyuta. Osati tuja twamene muika mu thumba. Chinthu chikulu, cha mutu monga TV, na chibokosi pansi. Bakafuna kungena pa intaneti banali kuchosa nthambo ku foni ya mu nyumba, ndiye chiyamba kulila, kwiii, khrrr, monga munthu wagwila chona pa khosi. Uyembekeza, uyembekeza, ungaike na manzi ya tiyi pa moto. Imwe chithunzi chikachedwa pang'ono mwayamba kumenya foni. Ine ninali kuchipukuta na mantha, ninachisokela na kansalu kovinikila, kuti chisazinilangana nikasesa.

Siku ina nimva banitana, "Faidesi! Faidesi, bwela!" Nipeza balila, baseka, vonse pamozi. Pa galasi pali kamwana kamuna, kagwila keke, pambali nkhumba yonse yowocha na mutu wake, na nkhalamba imwetulila ilibe meno. Ati ni mwana wanga, mazulo anali kukumbukila siku yobadwa, nkhumba iyi nine nagula.

Ninati, "Mwagula bwanji Madamu, imwe muli kuno?"

Banifotokozela. Mufana wao, Ba Jun, anasiliza koleji koma nchito kulibe, monga kuno chabe. Anali na kompyuta imozi na kanjinga ka moto. Anapanga peji pa intaneti, waikapo vithunzi va keke, mupunga, maluwa, nkhumba. Bafilipino bamene bali kunja, manesi, bosebenza mu sitima za pa manzi, bamene basesa nyumba ku maiko ya Baluya, basankha chinthu, balipila, eve ayenda pa msika, agula, apeleka ku nyumba, akopa chithunzi, atumiza. Ati, "Faidesi, kwathu tilima vinthu vibili, mupunga na banthu boyenda kunja. So mu komboni iliyonse muli kachipinda ka makompyuta, na nkhalamba ziyenda kukaona bana bao. Bachinyamata bamene bali na nzelu bapezelapo nchito."

Ninangoti, "Oho." Nabwelela ku mbale zanga.

Papita nthawi. Mvula yatayamba, Ba Madamu baniuza kuti pangano yao ya nchito isila, mvula ikaleka babwelela kwao. Sininaganize va unga olo va lenti. Ninaona chabe Ba Yona na chola chao cha ukwa, baimilila pa chitseko. Ndipo mu Mtendere nkhani siigona. Wina wa ku chalichi anayenda ku malilo ku Katete, anakakamba. Uthenga unabwela: tikasiliza kukolola, nibwela.

Ninabauza Ba Madamu vonse. Beve bati, "Manesi banu bayenda bonse ku Ingalande. Ku kiliniki kwathu tilaila munthu mwezi na mwezi. Bakatumiza ndalama ya bamai bao, mulongosi amwela mowa. Ndani abapelekela unga? Iwe."

Ninaseka. Ninati, "Madamu, ine giledi folo."

Ati, "Msika uuziba? Makomboni uyaziba? Kuba suba. Vasala ni chala chimozi."

Ee, chala chimozi, ichi chamene ichi. Mpaka lelo ndiye chamene nilembela, ndiye chamene mumaniseka. Banali kuninkhazika pa mupando wao nikasiliza kuchapa, kuniphunzitsa kutsegula imelo, kubelenga, kuyankha. Kambeba kaja kogwila ku manja kanali kunithaba, kamuvi kayenda uku ine nifuna uku. Banayenda nane na ku kafe mu tauni, kuja kolipila makompyuta, kuti bakayenda nizizibe njila nekha. Ba Jun kuja ku Filipini anatipangila peji yathu, osalipilitsa. Palibe keke na maluwa. Saka ya unga, saladi yophikila ndiyo, shuga, kapenta, binzi, saka ya malasha. Ba Madamu banatumiza peji ija kuli manesi bamene banali kuziba, banipasa na kakamela kang'ono. Ba Jun anatumiza na malamulo yake, ati nchito iyi ifuna changu: fika, peleka, kopa chithunzi, yenda, tumiza siku yamene iyo. Ninayaloweza monga vesi.

Woyamba kutuma anali Sista Esnati, wamene anali kusebenza na Ba Madamu asanayende ku Ingalande. Ninali kumuziba, anali kubwela ku nyumba pa Sondo. Bamai bake banali ku Kanyama. Nambala ya nyumba kulibe, ati mupite msika, mukafike pa chithaphwi chamene sichiuma, mufunse amake Esnati, chitseko cha buluu.

Manje apa mumvetse nthawi yamene tinalimo. Yanali masiku ya mphekesela za ba Satanisti. Munthu akagula motoka, ati wapeleka mwana. Tinali kuuzana ati osatola ndalama mu njila, osalandila chinthu kuli munthu wamene suziba, ndipo maka maka osalola munthu akukope chithunzi, chifukwa bachingenesa mu kompyuta, iwe uyamba kuyonda, magazi yasila. Na ine wamene ninali kumuuza Tisa ivo. Ninali kuviziba bwino bwino. Koma siku ija mu mutu mwanga ninali Mufilipino. Ninavala siketi na nsapato zamene banipasa Ba Madamu, kachola pa phewa, chitenge ninasiya pa bedi. Ninati nili pa nchito ya ofesi manje.

Nagula vinthu mu tauni, napeza bambo wa wilibala, tayenda. Kanyama ya mvula muiziba, uyenda pa myala monga chule. Tafika pa chitseko cha buluu. Nkhalamba ili pa mphasa panja, isenda chibwabwa. Ine chiimilile, nati, "Odi. Ndimwe amake Esnati? Katundu wanu uyu." Wa wilibala watula saka. Ine nachosa kamela, nati, "Langanani kuno."

Amake Esnati banaponya lusele ya chibwabwa, bavinikila kumenso na chitenge, bakuwa. "Mayo ine! Banthu imwe! Anikopa!"

Mu komboni munthu akakuwa, simupita na mphindi. Bazimai, bazibambo ba pa kantemba, banyamata bamene banali kuchaya nsolo, bonse. Wina ati, "Vachokela kuti vinthu ivi?"

Ine na chilungamo changa nati, "Pa intaneti."

"Pa chani?"

"Mu kompyuta. Esnati ndiye watuma."

Nkhalamba mukati mwa chitenge ati, "Esnati sananiuze! Mwana wanga akatuma chinthu chibwela na mulongosi wake! Uyu sinimuziba!"

Bambo wina wa jekete ati, "Usebenzela ndani iwe mai?"

Nati, "Ba Madamu ba ku Filipini. Bopima magazi."

Taonga, leka kugwila pakamwa. Nanga sembe ninakamba chani? Ndiye nchito yao.

"Mwamvela! Magazi! Wakamba yekha!"

Wa wilibala sininamuone mwamene anayendela, na ndalama yake sanatenge. Wina ananigwila kwanja, wina adonsa kachola. Ninaona banyamata babelama kutola myala. Ndipo niuze zoona, sininapemphele. Ninaganiza chabe kuti olo nipulumuke, zina iyi ikafika ku Mtendere ati amake Tisa ni Satanisti, balandilodi banichosa, kulibe nesi azanituma futi, ndipo Ba Yona sibazayembekeza na kukolola komwe.

Ndiye ninamva liu monga hutala ya lole. "Fumeni apa! Fumeni, nione uyo Satana wanu!"

Mai mukulu, wamutali, manja yakuda bii na malasha mpaka mu visukusuku. Anali kugulitsa malasha pa kona. Banthu banamupasa njila, bamuitana ati Bana Chanda. Waimilila pasogolo panga, wanilangana kuchokela ku nsapato mpaka ku mutu.

"Iwe, zina?"

"Faidesi. Amake Tisa. Mukazi wa malemu Tembo."

"Tembo? Kwanu?"

"Ku Katete."

Anaseka, mwe bana, kuseka kogwila mabondo. "Mwe bantu, mulibe nsoni? Satana angalembe nchito munthu wa kum'mawa? Aba ukabatuma magazi babwela na mbeba mu kachola! Onani mukati, muzapeza michila!"

Chimbuya muchiziba, ife ba kum'mawa na Babemba. Titukwanana, palibe wokalipa, pa malilo ndife tiphikilana. Bana Chanda ananisina pa kwanja, kusina kwa zoona, wakamba pansi pansi ati, "Yankha, chipuba iwe, ufuna kufa?"

Siniziba kwamene yanachokela mau. Nati, "Mukamba ndimwe? Imwe bamene munasiliza kudya bakolwe, banyani bonse ba mu sanga, manje mwayamba kudya malasha?"

Mai wina kumbuyo anaphulika. Wina naye. Bambo wa jekete anayesa kulimba kumenso koma vinamukanga. Wamene ananigwila anataya kwanja. Myala sininaone pamene inagwela. Nimaganiza mpaka lelo kuti chinanipulumusa n'chani. Kapena ni ichi: munthu wamene ayankha chimbuya ali na kwao, ali na bamene banamulela. Waleka kunkhala chinthu chochokela mu kompyuta.

Bana Chanda anamasula chitenge chake cha pamwamba, chakuda na malasha, wanimanga mu chiuno pa siketi ya Ba Madamu, wanikankhila pansi. "Nkhala. Bamai bako sibanakuphunzitse? Ufika pa nyumba ya mukulu chiimilile monga wa mita ya malaiti? Posa moni."

Ninagwada, naomba mu manja. "Muli bwanji amama?"

Ndiye mu chitenge muja mwachoka, "Tili bwino, kaya imwe."

Nayamba kufotokoza monga mwamene tichitila kwathu, kuyambila kutali. Kwamene ninabadwila, mwamene ninabwelela mu Lusaka, malilo ya bamuna banga, nchito ya ku Kabulonga. Mwamene Esnati anali kubwelela pa Sondo na nshaba zokazinga mu kapepa, mwamene asekela na mpata wake wa pa meno, mwamene anali kukanila kofi ati imugunda mutima. Chitenge chinayamba kuseluka pang'ono pang'ono. Menso yaonekela. Bati, "Nshaba zija nine ninali kumukazingila." Ndiye bafunsa, "Kuja akudya? Bakamba ati kuzizila maningi."

Pa malamulo ya Ba Jun panalibe ivo.

Bana Chanda anang'amba pepa ya shuga, watapa na chala cha malasha, wanyambita pa menso pa bonse. Ndiye waimilila, manja mu chiuno. "Kopa ine. Nikayonda, muzibe kuti ni zoona. Bamuna banga bazakondwela, bedi inachepa kale." Ninamukopa. Banthu baseka, bayamba kumwazikana.

Koma nkhalamba inakana ndithu. Ati, "Mwana wanga, nakumvela, ndiwe munthu. Koma unga uyu sinizadya mpaka Esnati aniuze na pakamwa pake." Saka tinaiguza kukaiika pa malasha pa Bana Chanda, tavinikila na pulasitiki. Nabwelela ku Kabulonga nilibe chithunzi cha amake Esnati, nili chabe na cha mai wa malasha wamene palibe anamutuma. Mu minibasi ninalila. Ninati nchito yoyamba yanikanga, Tisa wayenda.

Ba Madamu banamvela vonse, bagwila mutu. Ati kwao munthu akabwela na katundu na kamela, nyumba yonse ithamangila kukasamba kumenso. Banalembela Esnati, bapangana siku na nthawi. Ine nabwelela ku Kanyama, ulendo uno na chitenge changa, na cha Bana Chanda chochapa. Bana Chanda anasiya malasha na muzake, tatenga nkhalamba pakati, takwela minibasi mpaka ku kafe mu tauni. Pa chitseko nkhalamba inakana kungena. Bana Chanda ati, "Tiyeni mayo, mukafa nifa nane, muzapeza wonyamula katundu kumwamba."

Chithunzi cha masiku yaja chinali kudukaduka, munthu aoneka, waima, wayenda futi, mau yabwela pambuyo. Koma anali Esnati, mu chijasi chikulu na chisote cha ubweya. Nkhalamba inalangana, inalangana. Ndiye inaomba mu manja kuposa moni ku galasi, banyamata ba mu kafe babisa kumenso. Mau yoyamba bati, "Wayonda."

Esnati alila, aseka. "Amama, unga munakana?"

"Uyu mukazi umuziba?"

"Ni amake Tisa, amama. Nine ninabatuma."

"Nanga osakamba?"

Unga banalandila. Koma chithunzi ati lelo iyayi, nibwele siku ina bakasambe, bavale yunifomu ya chigwilizano, bulauzi yoyela na duku. So nchito yamene Ba Jun achita pa kanjinga kake asanadye chamuzuba, ine inanitengela maulendo na maulendo. Ba Madamu batamuuza, ati anaseka mpaka kugwa pa mupando. Koma ni mwana wa nzelu, sanakangane. Anasintha peji, walembapo kuti ife tikafika tiyamba tankhala pansi.

Ndipo mwaziba, kunkhala pansi kuja ndiye kunakhala nchito yeniyeni. Nikabwela ku nyumba ya munthu ninali kulemba na chala changa chimozi: bamai banu bali bwino koma bakhosomola, malata ya ku chipinda yadontha, mwana wa mulongosi wanu sayenda ku sukulu. Esnati anauza banzake, banzake bauza banzao. Unga angapeleke aliyense. Beve banali kufuna menso. Ku Kanyama na ku George ninali kuyamba napita kwa Bana Chanda, eve ndiye aziba kuti nyumba iyi ungene na mai wa ku chalichi, iyi uyambe waposa moni kuli balandilodi. Nikamupasa kangachepe anali kulandila, uku anitukwana ati ndalama ya ba kum'mawa inunkha utsi wa mbeba.

Ba Madamu banayenda mvula itasila. Banisiyila kamela na poto yophikila mupunga, ija yamene muphikilamo manje ba Dalitso mukabwela na njala.

Ba Yona banabwela mu nthawi ya mphepo, na chola cha ukwa chopanda kanthu, cha vovala va Tisa. Bankhala pa mupando, bamwa manzi, bati, "Mulamu, namva muzungu wako anayenda."

"Anayenda."

"Ndiye nchito yasila."

Tisa anali kuseli kwa katani, ninali kuona tumiyendo twake. Ninayesa kufotokoza va intaneti, va manesi, va peji. Banali kungogwedeza mutu monga munthu wamene amvela mwana anama. Ndiye ninati, "Balamu, mailo niyenda ku nchito. Tiyende tonse. Mukaona kuti si nchito, mumutenge."

Tinayamba ku Chawama, kwa nkhalamba ina yamene mwana wake anatuma malasha na bulangeti. Banatiphikila tiyi na kandolo. Tapita ku Misisi, kwina, batipasa munkoyo. Pofika ku Kanyama Ba Yona banali bamasula kale bandi ya mu chiuno na kukhuta. Bana Chanda atabaona ati, "Uyu ndiye wabwela kutenga mwana? Mbeba zachuluka kumunzi, mulibe wokumba?" Ba Yona baseka chabe, bangachite chani. Amake Esnati banayala mphasa, bamvela nkhani yonse, ndiye bati, "Bambo, ine mwana wanga ali kutali, nimuona pa galasi. Vamene vibaba niviziba. Uyu Faidesi ni mwana wanga manje. Mukamutengela mwana, mwatengela ine muzukulu."

Takwela minibasi yobwelela, tafika pafupi na Kalingalinga. Ndiye Ba Yona bati, "Mulamu, nchito yako iyi siniimvetsa. Koma banthu bakuziba." Kuseni banakwela basi ya ku Katete. Mu chola muja ninabaikilamo shuga na saladi, kuti chisabwelele chopanda kanthu.

Nchito ija inasila yokha pamene mafoni yanayamba kunyamula ndalama na vithunzi. Manje nesi atuma ndalama mu foni ya bamai bake, baonana kumenso siku na siku, safuna Faidesi. Sinidandaula. Pamene inali kusila, Tisa anali atasiliza sukulu, ali ku koleji, kwamene anakumana na batate banu na mutu wao ukulu uyo wamene anakusiyila iwe Dalitso. Ba Madamu Lorna mumabaona pa foni yanga pa Khisimisi, sisi yayela mbuu. Ba Jun bati manje ali na ofesi na bachinyamata bambili bomusebenzela, koma akali kufunsa ngati ku Zambia tikali kunkhala pansi. Nimabapemphelela bonse babili.

Bana Chanda banatisiya chaka chatha, paja ninayenda ku Kanyama nagona konko masiku, imwe muli kudandaula kuti ndani atiphikile. Ninayenda na unga mu kambale, monga mwamene tichitila pa malilo ya chimbuya. Ninabazola Babemba bonse kumenso mpaka baoneka monga vipuku, naphika, natapa manzi, nabatukwana Bana Chanda pa manda kuti kumwamba bakolwe bathabe, kwabwela wobasiliza. Banthu baseka, ine misozi ichoka. Ndiye pamene banaimika mutanda ninabelenga, na giledi folo yanga, nazindikila kuti zaka zonse izi ninali kubaziba chabe na zina ya mwana wao. Imwe muizibe yao yeniyeni, chifukwa bamai banu banagona mu nyumba ino kamba ka beve. Taonga, kamba pambuyo panga. Dalitso, naiwe. Ba Belita Mwansa.